Sayansi pa kanema: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Anthu ambiri amene amadziwa kuti dziko limazungulira dzuwa, kapena kuti pansi pa nyanja pali zamoyo zowala mumdima, sanalowepo m'chipinda cha kafukufuku. Anaziona pa kanema. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata akamakambirana za mafilimu ndi mapulogalamu a sayansi.

Kodi kufalitsa sayansi n'kutani, nanga kanema akukhudzidwa bwanji?

Asayansi akapeza chinthu amachilemba m'magazini a akatswiri, m'chinenero chimene amamvana okhaokha. Kufalitsa sayansi ndiko kutenga zimenezo n'kuzifotokoza m'njira yoti munthu wamba azimve popanda kuzipotoza. Ntchitoyi inayamba kale ndi mabuku ndi nkhani zokambidwa pagulu. Ku Royal Institution ku London nkhani za sayansi za nyengo ya Khirisimasi zinayamba mu 1825, ndipo zikuchitikabe mpaka lero. Chimene kanema anabweretsa ndi kuchuluka kwa omvera. Holo imadzaza ndi anthu mazana angapo, koma pa 20 July 1969, Neil Armstrong akuponda pamwezi, anthu pafupifupi 600 miliyoni anali maso pa wailesi yakanema.

Zinayamba liti?

Sayansi ndi kanema anabadwira limodzi, ndipo tinganene kuti funso la sayansi ndi limene linabala kanema. Panali mkangano wakalekale: kodi hatchi ikamathamanga, ilipo nthawi imene miyendo yonse inayi imachoka pansi? Diso silingaone, chifukwa zimachitika mofulumira kwambiri. Mu 1878, ku Palo Alto ku California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mbali mwa njira, iliyonse yojambula hatchi ikafika pamalo ake. Zithunzizo zitaikidwa motsatizana, yankho linaonekera poyera. Miyendo imachokadi pansi yonse, koma pamene yapindikira kumimba, osati itatambasukira kutsogolo ndi kumbuyo monga mmene akatswiri ojambula pamanja ankaonetsera kwa zaka zambiri. Apa n'kuti kutatsala zaka 17 kuti abale awiri a banja la Lumière aonetse filimu kwa anthu olipira ku Paris mu 1895.

Pofika 1903 anthu ku London ankalipira kuti akaonere tizilombo ta mu tchizi tojambulidwa kudzera pa maikulosikopu, tikuyendayenda pa chinsalu ngati nkhanu. Mu 1910 Percy Smith anaonetsa maluwa akumasula m'masekondi ochepa, atawajambula pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Mu 1956 filimu ya Jacques Cousteau ya pansi pa nyanja, Le Monde du silence, inapata mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France.

Ndi mapulogalamu ati a pa TV amene anasintha zinthu?

Alipo ambiri, koma angapo ndi amene ena onse anaonerapo. The Sky at Night inayamba pa BBC mu April 1957, miyezi yochepa dziko la Soviet Union lisanatumize setilaiti yoyamba, Sputnik, mumlengalenga, ndipo Patrick Moore anaiyendetsa zaka 55 mpaka imfa yake mu 2012. Horizon inayamba mu 1964, NOVA ya ku America mu 1974. Kenako kunabwera mapulogalamu atatu a zigawo 13 iliyonse, mmene munthu mmodzi amayenda nanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza: The Ascent of Man ya Jacob Bronowski mu 1973, Life on Earth ya David Attenborough mu 1979, ndi Cosmos ya Carl Sagan mu 1980.

Atatuwa sanaope omvera. Sanaganize kuti munthu wobwera kuntchito atatopa sangatsatire nkhani yaitali yokhudza chiyambi cha zamoyo kapena msinkhu wa nyenyezi. Ankalankhula ngati munthu amene akukuuzani chinthu chimene chamusowetsa tulo, ndipo anthu miyandamiyanda anakhala pansi n'kumvetsera.

N'chiyani chimene kanema amatha chimene buku silingathe?

Kanema amatha kusintha nthawi ndi kukula kwa zinthu. Chofulumira amachichedwetsa, monga lilime la bilimankhwe likamagwira chiwala. Chochedwa amachifulumizitsa, monga mpesa ukamafunafuna mtengo woyangapo, mpaka umaoneka ngati dzanja lopapasa mumdima. Chaching'ono amachikuza, chakutali amachibweretsa pafupi. Mungawerenge kuti selo limagawikana pawiri, koma kuliona likuthina pakati mpaka kuduka ndi nkhani ina.

Chachiwiri ndi nkhope ya munthu. Filimu ya National Geographic ya 1965 inaonetsa Jane Goodall ku Gombe ku Tanzania, atakhala phee ndi kabuku m'manja, akuyang'ana achimpanzi. Anthu anaona chimpanzi chikulowetsa kamtengo m'chulu n'kutulutsa chiswe, chinthu chimene chinagwedeza chikhulupiriro chakuti munthu yekha ndi amene amapanga zipangizo. Koma anaonanso kuti sayansi kawirikawiri ndi kudikira, kuyang'ana ndi kulemba, tsiku ndi tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zimenezi zinaoneka pa nkhope ya mtsikanayo kuposa mmene mawu akanafotokozera.

Buku nalo lili ndi zake. Limakulolani kuima, kubwerera mmbuyo, kuwerengera nokha. Masamu sayenda bwino pa kanema, chonsecho mbali yaikulu ya sayansi ndi masamu.

Kodi munthu amaphunziradi poonera, kapena amangosangalala?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene limamvekera. Derek Muller, amene pambuyo pake anayambitsa tchanelo cha Veritasium pa YouTube, anafufuza zimenezi pa maphunziro ake a udokotala ku University of Sydney. Ankayesa ophunzira mafunso a fizikisi, n'kuwaonetsa kanema, n'kuwayesanso. Kanema wofotokoza mfundo zolondola momveka bwino ophunzira ankamukonda, n'kunena kuti amva zonse, koma mayeso awo sankasintha kwenikweni. Chimene chinkakwera ndi kudzidalira kwawo pa mayankho olakwika omwe aja. Ankamvetsera mwachisawawa poganiza kuti akudziwa kale, ndipo ankangomva zogwirizana ndi zimene zinali m'mutu mwawo. Kanema woyamba ndi kutchula maganizo olakwika amene ambiri ali nawo, kenako n'kuwagwetsa, ophunzira ankati ngwosokoneza, koma ndi amene anawaphunzitsa zambiri.

Choncho kumva kukoma poonera si umboni wakuti mwaphunzira. Pulogalamu imene yakusiyani mukudzifunsa kuti "ndiye zimene ndinkadziwa zija zinali zabodza?" ndi imene yagwira ntchito.

N'chifukwa chiyani mapulogalamu ambiri amangotiuza zimene zapezeka, osatiuza mmene anazipezera?

Chifukwa zotsatira zimakoma m'maso pamene njira yake ndi yotopetsa. Mawu oti "asayansi apeza" amatenga sekondi imodzi. Kufotokoza kuti anayesa kangati, analakwitsa pati, ndani anawatsutsa ndipo anamuyankha bwanji, kumafuna theka la ola ndi luso lalikulu. Kwa ine apa ndi pamene pali vuto lalikulu la sayansi ya pa kanema. Munthu akazolowera kulandira mfundo chifukwa choti wazinena ndi mawu aulemu, nyimbo ikulira pansipansi, tsiku limene wabodza adzabwere ndi mawu aulemu omwewo sadzakhala ndi chosiyanitsira.

Koma kanema akafuna kuonetsa njira, palibe chomuposa. Pa 28 January 1986 chombo cha mumlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chinaphulika patangopita masekondi 73 chinyamukireni, anthu onse 7 n'kufa. Pa 11 February, pa msonkhano wa bungwe lofufuza ngoziyo, makamera akujambula, katswiri wa fizikisi Richard Feynman anatenga kachidutswa ka labala wa mtundu umene unkatseka polumikizira zigawo za roketi. Anakapana ndi kachitsulo kopanira, n'kukaviika m'kapu ya madzi a ayezi amene anali patebulo. Atakatulutsa n'kumasula chopaniracho, labalayo sanabwerere msanga mmene analili. Anangokhala wophwatalala. M'mawa wa tsiku la ngozi ku Florida kunazizira kwambiri, ndipo labala wouma ndi kuzizira sangatseke mpata umene mpweya wotentha ungatulukire. Mainjiniya ena anali atachenjeza za zimenezi usiku woti mawa chombo chinyamuka, choncho Feynman sanatulukire chinsinsi chatsopano. Chimene anachita ndi kuika umboni poti aliyense auone ndi maso ake. Kapu, madzi, labala, basi.

Kodi zimene timaona m'mafilimu a nyama ndi zenizeni?

Khalidwe la nyama nthawi zambiri limakhala lenileni, koma nkhani yake imasokedwa. Mwana wa mbawala amene mukumutsatira kuyambira kubadwa mpaka kuthawa nyalugwe akhoza kukhala ana angapo ojambulidwa masiku osiyana. Phokoso la mapazi a chimbalangondo pa chipale chofewa, kapena la mapiko a mbalame, nthawi zambiri limapangidwa mu situdiyo, chifukwa kamera imaona patali pomwe maikolofoni samva. Tizilombo ting'onoting'ono ndi nsomba zina zimajambulidwa m'matanki okonzedwa kuti afanane ndi kwawo. Zimenezi pazokha si chinyengo ngati chimene chikuonetsedwa n'chimene nyamayo imachitadi.

Chinyengo chenicheni chinachitika mu White Wilderness, filimu ya Disney ya 1958 imene inapata mphoto ya mafilimu ya Oscar. Inaonetsa timbewa ta kumadera ozizira totchedwa lemming tikudziponya m'madzi kuchokera paphompho. Ojambulawo anachita kubweretsa timbewato ku Alberta ku Canada, kumene si kwawo, n'kutikankhira mumtsinje. Pulogalamu ya wailesi yakanema ya CBC ya ku Canada inaulula zimenezi mu 1982, koma mpaka lero alipo amene amakhulupirira kuti timbewati timadzipha mwadala. Bodza loonedwa ndi maso limavuta kufufuta.

Pakati pa ziwirizi pali nkhani ngati ya Frozen Planet ya 2011, mmene ana a chimbalangondo ongobadwa kumene anajambulidwa kumalo osungira nyama ku Netherlands. A BBC anati anafotokoza zimenezi pa intaneti ndiponso kuti kulowetsa kamera m'phanga lakutchire kukanaika anawo pangozi. Chifukwacho n'chomveka, komabe woonera ali ndi ufulu wouzidwa pa kanema pomwepo. N'chifukwa chake ndimayamikira mphindi zomaliza zimene mapulogalamu ambiri tsopano amaonetsa mmene anajambulira.

Nanga mitundu yokongola ya zithunzi za mlengalenga, ndi yoona?

Zinthuzo zilipodi, koma mitundu ina ndi yomasulira. Telesikopu ya James Webb, imene zithunzi zake zoyamba zinatuluka mu July 2022, imaona kwambiri kuwala kwa infrared kumene diso la munthu silikuona. Akatswiri amapatsa mlingo uliwonse wa kuwalako mtundu wooneka kuti tithe kusiyanitsa fumbi, mpweya ndi nyenyezi. Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi zithunzi zoyenda za pa kompyuta, monga za mapulaneti a nyenyezi zina. Zimenezo n'zongoyerekezera mogwirizana ndi miyezo yochepa, ndipo pulogalamu yabwino imanena.

Kodi mafilimu ongopeka amathandiza sayansi kapena amaisokoneza?

Amachita zonse ziwiri, nthawi zina mufilimu imodzi. Jurassic Park ya 1993 inachotsa m'maganizo mwa anthu chithunzi cha madinosa ngati abuluzi aulesi okwekwereza michira, n'kuwaonetsa ngati nyama zachangu, zapachibale ndi mbalame. Katswiri wa madinosa Jack Horner anali mlangizi. Koma Velociraptor, dinosa amene filimuyo inamuonetsa wamkulu komanso wopanda nthenga, kwenikweni anali wamkulu ngati nkhukundembo chabe ndipo anali ndi nthenga, zimene fupa la mkono lofotokozedwa mu 2007 linatsimikizira. Za kuukitsa madinosa pogwiritsa ntchito DNA ndiye n'zosatheka: anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene DNA yakale kwambiri imene inalengezedwa mu 2022, yochokera ku Greenland, ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni.

Interstellar ya 2014 inapita patali kuposa apo. Kip Thorne, katswiri wa fizikisi amene mu 2017 analandira mphoto ya Nobel, anapereka masamu owerengera mmene kuwala kumapindikira pafupi ndi black hole, malo a mumlengalenga amene mphamvu yake yokoka salola ngakhale kuwala kuthawa. Ntchito yopanga chithunzicho inabala nkhani za kafukufuku zimene zinasindikizidwa mu 2015. Ngakhale apo, opanga filimu anasalaza kuwala kozungulira black hole kuti oonera asasokonezeke. Contagion ya 2011, imene mlangizi wake anali katswiri wa miliri Ian Lipkin, inaonetsa kachilombo kochoka kwa mleme kupita kwa nkhumba n'kufika kwa munthu, motengera kachilombo ka Nipah ka ku Malaysia. Mu 2020 anthu ambiri anaionanso, ndipo anapezamo kufotokoza kwabwino kwa mmene mliri umafalikira.

Mbali yoipa tiione pa Jaws ya 1975. Inadzala mantha a shaki padziko lonse, chonsecho anthu ophedwa ndi shaki pachaka amakhala pafupifupi 10 kapena kucheperapo, pamene anthu amapha shaki mamiliyoni ambirimbiri, makamaka pa usodzi. Peter Benchley, amene analemba nkhaniyo, anathera zaka zake zomaliza akulimbikitsa kuteteza shaki.

Zolakwika monga phokoso la kuphulika mumlengalenga, mmene mulibe mpweya wonyamula mawu, sizindidetsa nkhawa kwambiri. Zimakonzeka ndi chiganizo chimodzi. Chondidetsa nkhawa ndi chithunzi cha wasayansi mwiniwake: munthu mmodzi wanzeru zodabwitsa, wosapesa tsitsi, amene amapeza mankhwala usiku umodzi onse akumutsutsa. Kafukufuku weniweni ndi wa magulu ndipo amatenga zaka. Chithunzi cha mmodzi wotsutsidwa ndi onse chimaphunzitsa anthu kuganiza kuti aliyense amene akutsutsana ndi akatswiri anzake ndiye akunena zoona.

Kodi opanga mafilimu amafunsa asayansi?

Ambiri amafunsa. Ku America bungwe la National Academy of Sciences linakhazikitsa Science and Entertainment Exchange mu 2008 kuti lizilumikiza olemba mafilimu ndi akatswiri. Koma mlangizi amalangiza chabe. Chomaliza amagamula ndi wotsogolera filimu, monga taonera pa Interstellar, choncho dzina la katswiri kumapeto kwa filimu si chidindo chakuti zonse n'zolondola.

Kodi kuonera kungachititse mwana kukhala wasayansi?

Pakokha ayi, chifukwa pamafunika sukulu, mphunzitsi ndi mabuku. Koma mwana sangalakelake chinthu chimene sanachionepo, ndipo pamenepa kanema ali ndi mphamvu. Mae Jemison, mkazi woyamba wachikuda wa ku America kupita mumlengalenga mu September 1992, wanena kambirimbiri kuti ali mwana analimbikitsidwa poona Nichelle Nichols akusewera ngati Uhura mu Star Trek. Nichols yemweyo mu 1977 anagwira ntchito ndi NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, yokopa akazi ndi anthu a mitundu ina kuti afunsire ntchito yoyenda mumlengalenga. Filimu ya Hidden Figures ya 2016 inadziwitsa dziko za Katherine Johnson, Dorothy Vaughan ndi Mary Jackson, akazi achikuda amene ntchito yawo ya masamu ndi uinjiniya inathandiza maulendo oyambirira a NASA, koma mayina awo sankadziwika kwa anthu ambiri.

Kodi kanema angasinthe khalidwe la anthu, monga pa zaumoyo?

Angathe, makamaka kudzera m'masewero. Ku Mexico m'zaka za m'ma 1970, Miguel Sabido ankalemba masewero a pa TV okhala ndi anthu a mitundu itatu: wochita bwino, wochita zoipa, ndi wapakati amene akuzengereza. Woonera amadziona mwa wapakatiyo, ndipo akasintha, nayenso amaganiza zosintha. Ku South Africa, Soul City inayamba mu 1994, ndipo inkakamba nkhani za HIV, umoyo wa ana ndi nkhanza za m'banja. MTV Shuga inayambira ku Kenya mu 2009, ndipo kafukufuku amene anachitika ku Nigeria mothandizidwa ndi World Bank anapeza kuti achinyamata amene anaionera anapita kukayezetsa HIV mochuluka kuposa anzawo amene anaonera zina.

Pa zachilengedwe nkhani ndi yovutirapo. Blue Planet II ya 2017 inachititsa kuti nkhani ya pulasitiki m'nyanja ikambidwe m'manyuzipepala ndi m'nyumba zamalamulo. Koma kumva chisoni pampando n'kosiyana ndi kusintha zochita, ndipo munthu sangasiye chinthu ngati palibe china cholowa m'malo mwake.

Kodi si chilungamo kupatsa mbali zonse mpata wofanana?

Pa ndale kapena pa nkhani ya maganizo, inde. Pa nkhani ya umboni, kukhazika anthu awiri pamipando yofanana kumauza woonera kuti akatswiri agawikana pakati, ngakhale mmodzi akuimira zikwi za ofufuza winayo akuimira yekha. Mu 1998 Andrew Wakefield anasindikiza mu The Lancet, magazini ya madokotala, kafukufuku wa ana 12 okha, n'kukayikitsa katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, pomugwirizanitsa ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Kafukufuku wamkulu wa ana ochuluka m'mayiko angapo sanapeze kugwirizana kulikonse. Nkhaniyo inachotsedwa mu 2010 ndipo Wakefield analandidwa chilolezo cha udokotala. Koma kwa zaka zingapo mawailesi ndi manyuzipepala ankaionetsa ngati mkangano wa mbali ziwiri, makolo ambiri ku Britain anasiya kubayitsa ana, chikuku n'kubwereranso. Mu 2011 wasayansi Steve Jones, atapemphedwa kuunika mmene BBC imaulutsira sayansi, anadzudzula kulinganiza kotereku, makamaka pa nkhani ya kusintha kwa nyengo.

Ndingadziwe bwanji kuti pulogalamu ndi yodalirika?

Dzina la wailesi palokha silokwanira. Mu 2012 Animal Planet inaonetsa Mermaids: The Body Found, yooneka ngati kafukufuku weniweni wa anthu okhala m'nyanja, "asayansi" ake ali ochita masewero. Chenjezo loti n'zopeka linangodutsa mwachidule, ndipo anthu anakhulupirira mpaka bungwe la boma la America loona za nyanja, NOAA, linachita kulengeza kuti umboni wa zolengedwa zotere sunapezekepo.

Mvetserani ngati akukuuzani mmene chinthucho chinadziwikira, monga tafotokozera pa nkhani ya Feynman. Onani ngati olankhulawo atchulidwa mayina ndi kumene amagwira ntchito, komanso ngati nkhaniyo ili ya m'gawo lawo: katswiri wa nyenyezi si katswiri wa katemera. Pulogalamu yoona mtima imasiyanitsa chotsimikizika ndi chongoganiziridwa, ndipo siopa kunena pamene nzeru za akatswiri zathera. Ikangodzaza ndi mafunso oti "kodi n'kutheka kuti…?" osayankha ngakhale limodzi, kapena ikamati pali chinsinsi chimene asayansi onse akubisa, kapena kumapeto kukakhala chogulitsa, chenjerani. Zimenezi zikugwiranso ntchito pa timakanema ta pa YouTube, TikTok ndi Facebook, kumene kulibe mkonzi woona nkhani isanatuluke, ndiponso kumene tsopano zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zimaoneka ngati zojambulidwa ndi kamera.

Ndingaonere bwanji mapulogalamuwa ndi ana kapena ophunzira kuti apindule?

Musaonetse ola lathunthu mwakamodzi. Sankhani mphindi khumi. Musanayambe, afunseni zimene akuganiza kuti zichitika, ndipo aliyense anene yankho lake mokweza kapena alilembe, pa chifukwa chimene tafotokoza pa kafukufuku wa Muller. Imitsani kanema pamene chinthu chatsala pang'ono kuchitika. Pali kanema wa NASA wa 1971 woyenera poyambira: David Scott wa Apollo 15, ataimirira pamwezi, akugwira hamala kudzanja limodzi ndi nthenga kudzanja lina. Imitsani pamenepo, afunseni kuti chiyambe kufika pansi n'chiti. Akaona ziwirizo zikugwa limodzi, apatseni mapepala awiri ofanana, limodzi alifinye likhale mpira, linalo alisiye lotambasuka, aponye pansi nthawi imodzi, ndipo afotokoze okha chifukwa chake kuno sizikuchitika ngati kumwezi.